Tsumba pa Dazi

Lolemba

Nkhani ziwiri lero, ina yokoma, ina yondikhala pamtima.

Yokoma: Loweruka kuli phwando la magulu oimba a kumudzi pa bwalo la pa Limbuli. Lomwe lija la mabanjo a zigubu, la anthu odzipangira okha zoimbira, amene wayilesi siiwadziwa. Ndaona chikalata chake chitakhomedwa pa mtengo pafupi ndi sikelo ya tiyi.

Inayo: a Namakhwa apuma ntchito. Nyumba ya esiteti akubweza, ndipo Lamulungu akukwera lole kupita kwawo kwa akazi awo, kuseri kwa phiri. Mkamwini wa imvi! Akuti kumeneko basi imafika ikafuna.

Ndiye kuti Loweruka lino ndi mwayi womaliza woti atatufe tiimenso pa nsanja imodzi: ine woimba, a Namakhwa a ng'oma, ndi Che Jafali a babatoni. Minga ya Chinanazi! Dzina la gulu lathuli ndalitchula mokweza ku bafa, ndipo likukomabe.

Pa bwalo limenelo tinaimbapo kamodzi kokha, nyimbo imodzi, zaka khumi ndi kanthu zapitazo. Kamodzi. Koma munthu ungathe kuotha moto wa tsiku limodzi mpaka kukalamba.

Zinayambira kudzala. Nthawi imeneyo a Namakhwa ankasesa pa nyumba ya manijala, ndipo mwana wa mzunguyo anabwera kutchuthi ndi kaseti imene bambo ake sanachedwe kuitaya. A Namakhwa anaitola, pamodzi ndi tsamba la magazini: mnyamata woonda ngati bango, m'mbali mwa mutu mometa, pakati tsitsi litaima njo. Nyimbo zake akuti panki. Tinamvera kasetiyo titatseka chitseko. Phokoso ngati fakitale ya tiyi ikukangana ndi matalala. Mawu sitinamvepo kanthu. Tinangomva kuti anyamatawo akwiya, ndipo kukwiyako akusangalala nako. Ife sitinkadziwa kuti zimenezo zimatheka.

Zofunika sabata ino:
ng'oma
babatoni
mawu anga (alipo, ndikuganiza)
chilolezo cha a tcheyamani
tsitsi

Akazi anga, amake Esnati, awerenga atandiimira kumbuyo, maso ali pa mutu panga. "Chomalizacho mukabwereka kwa ndani?"

Woimba sayankha chilichonse.

Lachiwiri

Pa njinga mpaka pa Chinakanaka. Che Jafali ali pansi pa mtengo wawo wa nthawi zonse, machubu ali lendelende m'nthambi, akumata njinga ya wogulitsa nthochi. Sindinamalize n'kufotokoza komwe, avomera kale. Ataya sipanala. Akuseka mpaka kofia yapendekeka. Mwini njinga akufunsa ngati kwagwa zabwino. "Zabwino zake zopusa," atero Che Jafali.

Tipita kunyumba kwawo kukaona babatoni. Chigitala chathu chachikulu chija: bokosi la tiyi, mtengo wautali, waya mmodzi wa buleki ya njinga. Chikalira, m'mimba mumanjenjemera.

Chilipo! Chagona chammbali kuseri kwa khitchini, waya ali bwinobwino.

M'kati muli thadzi. Likufungatira mazira.

Likutiyang'ana ndi diso limodzi, ngati mlonda wa pa geti ya fakitale.

Abiti Saidi, akazi awo a Che Jafali, atulukira ndi chipande m'manja. "Bokosi limenelo lisasunthe mpaka aswe."

Ndifunsa mwaulemu kuti aswa liti.

"Kafunseni mwini wake."

Ndayesa kufotokoza mbiri ya bokosilo, kuti linaimapo pamaso pa khamu. Akuti nkhukuyo nayonso ili ndi mbiri yake, ndipo mbiri yake imadyedwa.

Bokosi lina silipezeka. Esiteti inasiya kalekale kulongedza tiyi m'mabokosi. Che Jafali aboola ndowa yakale, amangapo waya. Ayesa. Kulira kwake ngati chule wa chimfine. Tigwirizana kuti panki safuna zokongola.

Pobwerera ndikupalasa pang'onopang'ono, ndikukumbukira njuchi. Tsiku lija tsitsi tinaliimika ndi madzi a shuga, chifukwa sopo ankagwa ndi thukuta. Tili pakati pa nyimbo, njuchi za m'mitengo ya pa bwalo zinamva fungo. Ndinadumpha, ndinapukusa mutu, ndinadzimenya makofi, osasiya kuimba. Khamu linayesa ndi kavinidwe. Mmodzi ndi mmodzi anayamba kudumpha nawo, amayi ndi ana kumbuyo, agogo ndi ndodo zawo, bwalo lonse m'mwamba, fumbi kobo! Sindinaonenso anthu a kwathu akudumpha popanda wowauza kuti adumphe.

Khutu linatupa sabata yathunthu. Ndinkalinyadira.

Lachitatu

Kuyeserera nyimbo kunyumba kwa a Namakhwa. Nyumba yonse ili m'mitolo: mphasa zokulunga, mabeseni omanga ndi chingwe, mpando wa ndalema uli chadodolido pa khonde. Pa khoma patsala mabala oyera pamene panali zithunzi. Ndayang'ana kumbali.

A Namakhwa masiku ano ndi mkulu wa mpingo. Mutu wawo uli mbee, ameta maliro a mlamu wawo sabata yatha. Ng'oma zathu zija anazipereka ku kwaya. Abwereka imodzi, atalonjeza abusa kuti ibwerera yosadetsedwa.

Tiyamba. Ndiwerenga mwachangu monga kale, ndidumphira m'nyimbo.

A Namakhwa: du... du... du...

Ngati tikuperekeza chopereka kuguwa!

Ndiwauza kuti athamange. Avomera. Atseka maso, aluma mlomo. Du... du... du... Kumapeto kwa ndime akuwonjezera kakugunda kaulemu kodikira Ameni.

"Manjawa anabatizidwa, achimwene," atero, akuwayang'ana ngati a munthu wina.

Anali manja oopsa awa. Tsiku lija anathyola ndodo zonse ziwiri, namaliza nyimbo ndi zikhatho, chikopa cha ng'oma chili magazi okhaokha, iwo akuseka.

Tsono ndayesa kuimba motsatira iwo, pang'onopang'ono. Apa ndiye patulukira vuto lenileni. Nyimbo yathu imati:

Dengu lalemera, mimba yapepuka,
kapitawo, sikelo yako yanama!

Kale tinkaithamangitsa kotero kuti palibe anamvapo liwu. Lero liwu lililonse likutuluka litasamba, litavala, likupereka moni.

Mayi wa nyumba yoyandikana wasiya kuyanika zovala. "Sikelo ya ndani yanama?"

Kapitawo amakhala nyumba yachitatu. Mawindo ake ndi otsegula.

Che Jafali akhosomola. A Namakhwa ayamba nyimbo ya m'buku mokweza kwambiri, ife tiwatsatira, ngakhale Che Jafali, amene sakuidziwa. Mayi uja alowa nawo ndi mawu apamwamba. Zakoma, ndisaname.

Zomwe taphunzira lero:
nyimbo yathu ikathamanga ndi luso
ikayenda ndi mlandu

Amake Fanesi, akazi awo a Namakhwa, atipatsa kalongonda amene wakhala pa moto kuyambira dzulo. Tidyera pa khonde, mbale imodzi, chifukwa zina zamangidwa kale. A Namakhwa akuti kumudziko adzalima nandolo ndi kuweta nkhunda. Akunena ngati munthu wowerenga chilango chake. Kenaka andigwira bondo. "Loweruka zidzabwera zokha. Khamu likadzafuula, manja adzakumbuka."

Lachinayi

Kwa a tcheyamani a chipani a dera lathu, chifukwa popanda dzanja lawo palibe wokwera pa nsanja. Khadi la chipani lili m'thumba la malaya. Ndaligwiragwira njira yonse.

Ndi omwe aja! Akalamba, akuyenda ndi ndodo, diso limodzi lachita ng'ala, koma ndi omwe aja.

Tsiku lija anyamata a malaya ofiira anatigwira pa chipata. Lamulo limati tsitsi la mwamuna lisatsike kupitirira pakamwa. Lathu silinkatsika. Linkakwera! Wina anatulutsa sizasi, wina akuti dikira, za kumwamba lamulo silinanene. Anakangana mpaka kuitana a tcheyamani. Iwo anatiyang'ana kutsogolo, anatiyang'ana chammbali, anatizungulira. Kenaka nkhope yawo inawala. "Tambala! Ana awa adzimeta tambala wa chipani!"

Basi. Ife amene tinabwera kudzaopseza dziko tinakwezedwa pa nsanja ndi m'manja, ndipo titatsika anatipatsa mphoto ya khasu aliyense. Langa ndikulimirabe.

Lero atangondizindikira, andikumbatira ndi ndodo yomwe. "Anyamata anga a tambala!" Aitanitsa mpando, aitanitsa thobwa. Akuti Loweruka kukubwera mlendo wamkulu wochokera ku boma, ndipo akhala akusowa chomuonetsa. "Mutsegulira ndinu. Koma tsumba likhalepo. Popanda tsumba ndinu madala atatu aphokoso basi."

Ndavula chipewa.

Ayang'ana nthawi yaitali ndi diso labwino lija.

"Pepani," atero, motsitsa mawu ngati pa siwa. "Koma mlendo ndamuuza kale."

Potsanzikana andifunsa kuti paja nyimbo ija inkanena chiyani. Ndati za ulimi wa tiyi, bwana. Agwedeza mutu. "Ndinadziwa."

Ndabwerera wapansi, njinga ndikukankha, kuti ndiganize bwino. Tsumba lija tinaliimika kuti tikhale osamvera. Lero lasanduka yunifomu, ndipo ndilibe. Minda ya tiyi ili chete mbali zonse, yometedwa mofanana, palibe tsamba lotumphuka kuposa linzake. Phiri lokha ndi limene palibe analimeta.

Lachisanu

Ndatenga tchuthi ku ofesi. Ndati mutu. Si bodza.

Ndadziyang'ana bwinobwino pa galasi. Tsitsi ndili nalo pamwamba pa makutu ndi kunkhongo, ndendende pamene panki amameta. Pamene panki amasiya, ine palibe. Mulungu anandimeta panki mozondoka.

Zoyesa:
kupesa la m'mbali kuti likakumane pamwamba (silikufika, likungopatsana moni patali)
nthenga (ndikuoneka ngati wovina wosochera)
tsache (ayi!)
khonje

Khonje ndi nzeru ya amake Esnati. Alipesa, alilukira pa kansalu kopyapyala, alidula molingana, alinyika mu inki yofiira ya ku ofesi. Akugwira ntchito mosaseka, lilime lili pakona ya mlomo, monga amachitira posoka ya ukwati. Ndimayembekezera chipongwe. Kusaseka kwawoku kwandivuta kupirira.

Kumata kwake tsono! Ulimbo ukuterereka ndi thukuta.

Masana, atatuluka ku mzikiti, afika Che Jafali ndi kachitini ka solushoni womatira machubu. Andikhazika pa mtondo. Atulutsa sanipepa kuti ayambe apala pamalopo. Ndakana! Akuti ndiye asadzaimbidwe mlandu. Apaka, auzira, adikira kuti achite nembenembe, akhazika tsumba, atsindika ndi zala zazikulu zonse ziwiri mpaka khosi langa lalowa m'mapewa.

"Chigamba changa sichinachokepo," atero.

Pamutu pakutentha ngati ndasenza mbaula.

Koma galasi! Laima. Lofiira, lowongoka, lonyada. Ndikatsinzina pang'ono ndikumuona mnyamata uja, woonda, wosaopa kanthu kupatula amayi ake. Ndamupatsa moni mumtima. Ndamuuza kuti zinthu sizinaipe kwambiri: nyumba ilipo, ana anakula, mawondo okha.

Amake Esnati andiyang'ana. "Munali okongola tsiku lija. Opusa, koma okongola."

Anzanga akana. A Namakhwa atumiza mawu kuti amake Fanesi akuti mutu wometa maliro a mchimwene wawo si bwalo la masewera. Che Jafali akuti kofia yawo sichoka, ndipo pa khola tambala mmodzi amakwana.

Chabwino. Ndinyamula ndekha ulemu wa gulu. Lero ndigona chokhala.

Loweruka

Chiperoni!

Mwezi wonse dzuwa, lero phiri labisala, kamvula kakuwaza ngati munthu wothirira fodya. Ambulera siikwana, tsumba likugunda nthiti zake. Ndiye ndapalasa mutu uli pamtunda, kuchoka kunyumba mpaka pa Limbuli. Ana akundithamangira. Agalu akundithamangira. Gulu la amayi ochokera ku Muloza ndi mitolo pamutu laima kuti lindione bwino, mmodzi wachita chizindikiro cha mtanda.

Chapakati pa njira ndimva kanthu kofunda kakutsika pa mphumi. Ndipukuta. Dzanja lofiira.

Pofika pa chipata: inki ili kumaso, m'khosi, pa malaya oyera. Khonje lamwa madzi, lagwera mbali imodzi, likulendewera pa tsaya mpaka pa chibwano. Kupitirira pakamwa! Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndaphwanya lamulo la tsitsi, ndili ndi dazi.

A Namakhwa ndi Che Jafali afika kale, wina ndi ng'oma, wina ndi ndowa. Andiona. A Namakhwa akhala pansi m'matope ndi kuseka.

A tcheyamani abwera mothamanga, momwe ndodo ikuwalolera. Aima. Galimoto ya mlendo ikumveka kale kumsewu.

"Mayo ine. Tambala wozinga!"

Ayesa kulizula. Che Jafali sananame, chigamba chawo sichichoka. Ndakuwa. A tcheyamani atikankhira atatu tonse m'kanyumba kosungira feteleza kuseri kwa nsanja. "Mlendo akaona tambala ali chonchi, tonse tikagona kutali. Khalani chete, ana anga." Loko kwaa. Ng'oma yatsala panja, ndipo posakhalitsa taimva ikuperekeza nyimbo za amayi olandira mlendo.

Ndiye phwando talimvera pa matumba. Mabanjo, zisekese, mnyamata wina wa mawu okoma ngati uchi akudandaula za chibwenzi chake cha ku Limbe. Magulu a masiku ano amaimba bwino. Amayamba pamodzi, amamaliza pamodzi. Che Jafali akusuzumira pa mng'alu wa chitseko n'kumatiuza: awa avala mofanana, awa ali ndi gitala ya m'sitolo, khamu lakhala pansi mwaulemu.

Palibe akudumpha.

A Namakhwa sakusiya kuseka. Akangondiyang'ana, ayambiranso, misozi mbwe. Kenaka tayamba kukumbutsana: njuchi, makasu, mayi uja anataya chitenje podumpha, m'mene Che Jafali anadulira waya n'kupitiriza kuimba babatoni ndi pakamwa. Aliyense akukumbukira zosiyana. A Namakhwa akuti khamu linali kufika kumsika. Che Jafali akuti theka linabwera kudzaona mpira. Ine ndikuti tinaimba bwino. Apa onse awiri agwirizana kuti ayi.

Masana a tcheyamani atilowetsera chinangwa chophika ndi tiyi pa zenera.

Atitsegulira bwalo litatsala makoko a nzimbe okhaokha.

Lamulungu

Palafini, lumo, madzi ofunda, ndi amake Esnati. Tsumba lachoka, latenganso kachikopa pang'ono. Pakati pa mutu pali mzere wofiira ngati msewu wa esiteti. Kutchalitchi ndakhala kumbuyo.

Sitinaimbe. Ndalemba kuti ndizolowere kuziona. Sitinaimbe, ndipo sitidzaimbanso.

Masana, pa msewu, kuperekeza. Lole yabwera mochedwa monga mwa mwambo. Takweza mphasa, mabeseni, mpando wa ndalema, mbuzi. Amake Fanesi kutsogolo ndi dalaivala. A Namakhwa pamwamba pa katundu, kumbuyo kwenikweni kwa denga la dalaivala, jekete la mpingo lili pa mapewa.

Kutsanzikana kwa amuna a msinkhu wathu: "Muyende bwino." "Mutsale bwino." "Nandolo akacha mutiuze." Palibe woyang'ana mnzake m'maso.

Lole inyamuka. Iyenda pang'ono. Kenaka pa denga paja: gugugugugugu! Zikhatho zonse ziwiri, liwiro lomwe lija, lamisala, losabatizidwa!

Lole iima. Kuno kwathu ukamenya denga ndiye kuti ukutsika. Dalaivala atulutsa mutu. "Mwaiwala chiyani, madala?"

"Palibe, mwanawe. Tiye."

Inyamukanso. Gugugugugugu! Che Jafali ayamba babatoni ya pakamwa, masaya ali tutumu. Ine ndili pakati pa msewu, chipewa m'manja, ndikukuwa za dengu ndi sikelo mwachangu choti ngakhale ine sindikudzimva, ndikudumpha, mawondo akulira.

Iimanso. Dalaivala watsika ndithu. Amake Fanesi akulankhula Chilomwe chokhachokha, ndipo a Namakhwa akupepesa mbali zonse ziwiri, manja ali m'mwamba.

Kachitatu dalaivala sanaime. Tamva kugundako kukuchepa, kukuchepa, mpaka lole yakhota m'minda ya tiyi.

Omvera athu: mayi wogulitsa mapeyala, ndi munthu wina wa njinga amene amadikira kuti tichoke pa msewu. Mayiyo wafunsa ngati ndi za mpingo watsopano.

Nyimbo tinafika nayo pakati pa ndime yachiwiri. Che Jafali akuti ndi patali kuposa pamene amayembekezera. Tayenda limodzi mpaka pa mphambano, iwo kumanzere, ine kumanja.

Bondo lamanja latupa. Mawa ntchito.